Malaya Amene Anakwana Munthu Wina

1

Pali chinthu chimene sindinauzepo munthu aliyense, ngakhale mnzanga amene tinkafunda bulangeti limodzi kusukulu yogonera komweko. Ndinanamiza amayi anga. Bodza lenilenilo sindinalinene ndi pakamwa, pakuti pakamwa panga ndi polemera chibadwire. Ndinawanamiza ndi kapepala ka manambala asanu.

Amayi anga ndi telala. Makina awo amakhala pakhonde la sitolo ya zitsulo, pakati pa bambo wokonza mawotchi ndi mayi wogulitsa mabatani. Akhala pamenepo zaka makumi awiri, ndipo anthu amati dzanja lawo silisochera. Akakuzungulizani tepi kamodzi, amadziwa ngati muli ndi pakati, ngati banja likukusautsani, ngati mwayamba mowa. Tsiku lina anauza kasitomala kuti, "Mayi, chiuno ichi si chanu, pitani kuchipatala." Anapita, ndipo anamupezadi ndi chotupa.

Abambo anapita kunja ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri. Ankagwira ntchito pafakitale yodula miyala yosalala ija amaika m'makhitchini a anthu olemera. Mapepala awo anali osalongosoka, moti akanabwera kudzationa sakanaloledwa kubwereranso. Chaka chilichonse amayi ankawasokera malaya a Khirisimasi n'kutumiza pabasi, potsata miyeso yakale imene inali patsamba loyamba la kope lawo.

Chaka chimene ndinalemba mayeso omaliza kusekondale, abambo anaimba foni kuti ndipite ndikadye nawo Khirisimasi. Amayi sakanatha kupita. Telala alibe Khirisimasi: madiresi, maukwati, kenako mayunifomu a Januwale ali m'khosi.

Kutatsala tsiku limodzi kuti ndinyamuke, anandiitana pakhonde paja.

"Singano, gwira tepi iyi."

Singano ndi ine. Abambo ndi amene anandipatsa dzinalo chifukwa ndine woonda ndipo ndimalowa paliponse osamveka.

"Khosi, mapewa, chifuwa, mimba, mkono. Chala chimodzi chizilowa pakati pa tepi ndi thupi. Usamukoke munthu ngati mbuzi yopita kumsika. Wamva?"

"Ndamva. Nanga malaya a chaka chino ali kuti?"

"Chaka chino sindisoka kaye. Zaka zisanu ndi chimodzi ndikusokera munthu wa m'kope, ndatopa nazo. Ukandibweretsere mwamuna wanga m'manambala."

Bambo wa mawotchi anaseka mpaka galasi la padiso linagwera patebulo. "Amayi, mwamuna wa m'manambala safunditsa!"

"Inu zikonzani nthawi yanuyo," anatero amayi, koma nawonso ankaseka.

2

Ndinayenda masiku awiri pabasi, ndinadutsa malire awiri, osayankhula ndi munthu kupatula apolisi odinda mapasipoti. Titafika pa depoti ndinaima pafupi ndi chikwama changa, maso ali pa mwamuna aliyense wamtali wa mapewa otambalala. Anthu ankandidutsa akuyankhula chilankhulo chimene sindinkamva ngakhale moni.

"Singano! Ndiwe Singano, eti? Mphumi imeneyi ndi ya bambo ako."

Anali bambo wojintcha, wamfupi, thalauza lake lili mbuu ndi ufa wa tirigu. Anati amagwira ntchito kubekale ndipo amakhala chipinda chimodzi ndi abambo. Onse kumeneko ankamutcha a Buledi.

"Abambo ali kuti?"

"Ali kunyumba. Akukukonzera malo." Ananyamula chikwama changa n'kuyamba kuyenda mofulumira kuti ndisafunsenso.

Nyumba yake inali yosanja, ya utoto wosupuka. Tinakwera masitepe makumi anayi ndi awiri. Ndinawawerenga chifukwa cha mantha. M'chipindamo munali mabedi awiri, katani pakati, kachitofu ka gasi pakona, ndi zenera limodzi loyang'ana pamsewu. Pakhoma panali misomali, ndipo pamisomalipo panalendewera malaya anayi osita bwino. Ndinawazindikira onse. Achisanu anali pathupi la munthu amene anakhala pabedi.

Khosi lake linali m'kolala ngati supuni m'kapu.

"Singano wanga," anatero. Mawu okha ndi amene anali a bambo anga.

Ndinagwada n'kuwapatsa dzanja. Iwo anandikoka kuti andikumbatire, ndipo ndinamva nthiti iliyonse. Kenako anayamba kutsokomola, chifuwa chouma chimene sichinkatulutsa kanthu, mpaka a Buledi anawagwira msana.

"Ndi fumbi la miyala," anatero mpweya utabwerera. "Adokotala akuti mapapo anga nawonso asanduka mwala. Ndiye bambo ako panopa ndi katundu wodula, angathe kuikidwa m'khitchini."

Sindinaseke.

"Mwayamba liti?"

"Chaka chatha. Ntchito ndinasiya mwezi wa Okutobala. Achimwenewa ndi amene akundisunga."

"Amayi akudziwa?"

Anayang'ana kuzenera. "Wadya? A Buledi, mwanayu sanadye."

3

Khirisimasi ya kunja ndi yachete. Msewu wonse unali ndi magetsi ang'onoang'ono othwanima m'mawindo a masitolo, koma masitolowo anali otseka ndipo panjira panalibe munthu. Aliyense anali m'nyumba mwake ndi anthu ake. Banja la pansi pathu linkaimba ndi kuguguda mipando. Ife tinali atatu: wodwala, wophika buledi, ndi ine.

A Buledi anabweretsa keke imene inasweka pakona n'kukanidwa ndi kasitomala. Ndinaphika nkhuku ndi mpunga pakachitofu kaja. Abambo anadya masupuni atatu, n'kunena kuti ndaphika kuposa amayi koma ndisakawauze.

Masana anati tiimbire kunyumba. Ndinaona mmene ankakonzekera. Anamwa madzi otentha, anaima pazenera atagwira chitsulo, anapuma kasanu pang'onopang'ono, kenako anadina foni.

"Amayi a Singano! Khirisimasi yabwino kumeneko!"

Mawu anatuluka amphamvu ngati a munthu amene wangobwera kumpira. Kumbali inayo kunali phokoso lokhalokha: wailesi, mbale, ana a oyandikana nawo, ndi azakhali anga, mlongo wawo wa abambo, akukuwa kuti apatsidwe foni. Mtima wanga unawawa. Ndinalakalaka ndikanakhala kumeneko, ndikutsuka mbale pampopi, osadziwa kalikonse.

Abambo ankayankhula mawu atatu kapena anayi n'kuseka, ndipo m'kusekamo ndi mmene ankaba mpweya. Kenako anandipatsa foni.

"Singano, uli bwanji mwanawe? Bambo ako akuoneka bwanji?"

Abambo anandiyang'ana. Milomo yawo inali itachita bii.

"Ali bwino."

"Wawapima?"

"Mawa."

"Iwe ndi mawa wakoyo! Usandibwerere chimanjamanja."

Foni itaduka, abambo anagwera pabedi n'kutsokomola nthawi yaitali moti banja la pansi linasiya kuimba. Ndinawagwirira beseni. Atatha ananong'ona kuti, "Usakawauze amako. Munthu uja akadziwa, atseka makina tsiku lomwelo n'kubwera kudzayang'anira mtembo woyenda. Ndichira kaye pang'ono, ndiwauza ndekha."

Ndinagwedeza mutu. Kuvomera n'kosavuta kwa munthu wamanyazi, sikufuna mawu.

4

Tsiku lotsatira ndinatulutsa tepi. Abambo anaimirira atatsamira khoma, ine n'kuchita monga anandiphunzitsira amayi. Khosi 13. Mapewa 16. Chifuwa 31. Mimba 26. Mkono wokha ndi umene sunasinthe. Ndinalemba kuseri kwa tikiti yanga ya basi.

Abambo anatenga tikitiyo n'kuiwerenga kawiri.

"M'kope la amako chifuwa changa ndi 39," anatero. "Ukawapatsa izi, ndiye kuti wawapatsa kalata ya maliro. Mkazi uja amawerenga manambala ngati dokotala." Kenako anaitana kuseri kwa katani. "Achimwene, tabwerani kuno. Kwezani manja."

A Buledi anatuluka akutafuna. "Ndikweze manja ndaba chiyani?"

"Mundibwereke thupi."

A Buledi atamvetsa, anasiya kutafuna. "Ayi, achimwene. Ichi ndi chinyengo. Alamu sanandilakwire ine."

"Inu thupi muli nalo lambiri, mukuliumira chiyani? Singano, apime."

Ndinawapima. Khosi 17, mapewa 19, chifuwa 44, mimba 42, mkono 24.

"Mimbayo uchepetseko," anatero abambo, "angaganize kuti ndakwatira wophika kuhotela."

"Musachepetse," anatero a Buledi, "mimba imeneyi ndinaivutikira."

Tonse tinaseka, ngakhale ine. Ndinalemba manambalawo pakapepala koyera, mwaukhondo, monga ndinkalembera mayeso. Tinajambulanso chithunzi: abambo atavala jekete lalikulu la a Buledi ndi chipewa, ataima patali pafupi ndi mtengo wa Khirisimasi wa pasitolo ina. Pachithunzicho ankaoneka ngati bwana.

Ndinakhala nawo masabata awiri. Ndinkawasita malaya, ndinkawawerengera nyuzipepala yakale ya kwathu, ndinkawathira madzi m'beseni kuti apume nthunzi. Sitinkayankhula zambiri. Ine ndi bambo anga tinali anthu a mtundu umodzi.

Tsiku lobwerera anakakamira kundiperekeza. Kutsika masitepe aja kunatitengera theka la ola. Pa depoti, basi itayamba kulira, anandigwira dzanja n'kundiuza mawu ena.

Mawuwo ndikuuzani, koma osati pano. Ndawasunga chaka chathunthu. Mupirire nane masamba ochepa.

5

Ndinafika kwathu Lachiwiri masana, n'kulunjika pakhonde paja ndi chikwama changa. M'njira monse ndinali nditakonza zonena. Ndinaziyeseza pamalire oyamba, ndinaziyeseza pamalire achiwiri.

Amayi atandiona anadumpha, mapini ali pakamwa. Anandikumbatira, anandizunguliza, anati ndayera. Mayi wa mabatani anabwera, bambo wa mawotchi anabwera, makasitomala awiri amene ankadikira mayunifomu anaimirira. Onse maso pa ine.

"Mwamuna wanga ali kuti? Tulutsa!"

M'thumba langa munali mapepala awiri. Dzanja linakhudza tikiti ya basi, n'kuidutsa.

Amayi anawerenga kapepala koyerako, maso n'kutuluka. "Forte-folo! Anthuni, taonani! Munthu ndinamutumiza ngati mpini wa khasu, lero chifuwa forte-folo!"

"Ndiye kuti wina akumusamala bwino kumeneko," anatero bambo wa mawotchi.

"Amusamale, akatopa abweza. Mwini wake ndilipo."

Ndinawaonetsa chithunzi chija. Anachipsompsona. Nthawi yomweyo anaimba foni, n'kuika mokweza kuti onse amve.

"Abambo a Singano, kodi akukuphikirani ndani kumeneko?"

Kumbali inayo kunali zii kwa nthawi yaitali moti amayi anayang'ana foni ngati yaduka.

"Singano wafika?" anafunsa abambo.

"Wafika, ali pompano."

"Wakuuzani zonse?"

"Zonse zili papepala, bwana. Nsalu ya mamita awiri sikukwaniraninso."

Kenako kunamveka kuseka kuja kobera mpweya. "Chabwino. Mumupatse moni mwana wanga. Mumuuze kuti sindinakwiye naye."

"Mukwiyire chiyani?"

"Anandithera shuga."

Onse anaseka. Ine ndinathawira kuseri kwa sitolo.

Mayunifomu atatha, amayi anagula nsalu yabuluu yowala, yabwino kuposa iliyonse imene anasokerapo kasitomala. Anaidula ndi sizasi yatsopano. Mabatani anasankha okha limodzilimodzi. Ankasoka akuimba. Ine ndi amene ndinasita malayawo n'kuwapinda m'pepala.

Anati atumiza Lachisanu. Lachitatu m'mawa foni inalira, ndipo anali a Buledi.

6

A Buledi anabwera ndi thupi la abambo, ulendo wa masiku atatu. Kunyumba yachisoni tinapita anthu atatu: amayi ndi azakhali analowa, ine ndinaima pakhomo. Amayi ananyamula malaya abuluu aja kuti mwamuna wawo apite atavala.

Atavundukula nsalu, amayi sanalire. Anangoyang'ana, kuyambira pakhosi mpaka m'chiuno, ndipo ndinaona milomo yawo ikuyenda. Ankapima ndi maso.

Anayesabe kuwaveka. Malayawo akanatha kuzungulira abambo kawiri. Msoko wa paphewa unafika pakati pa mkono.

"Alamu," anatero azakhali, "malaya awa ndi a ndani?"

Amayi anawavula pang'onopang'ono n'kuwapinda. Abambo anaikidwa m'manda atavala malaya akale, amodzi mwa amene a Buledi anabweretsa m'chikwama.

Tsiku lotsatira maliro amayi anaitana a Buledi. "Alamu, ndilibe chokuthokozerani. Munasunga mwamuna wanga, mwamubweretsa kwawo. Landirani malaya abuluuwa, angawole m'kabati."

A Buledi anandiyang'ana, anayesa kukana, koma wamasiye sakanidwa. Ndipo pofuna kuwalemekeza amayi, anachita cholakwa chimene munthu wabwino yekha angachite: anawavala tsiku lomwelo, n'kulowa nawo pabalaza pamene abale a abambo anasonkhana.

Anawakwana ngati anabadwa nawo. Kolala inagona pakhosi, msoko unakhala paphewa penipeni, batani la pamimba silinakoke ngakhale pang'ono. Dzanja la amayi silisochera.

Azakhali anaika kapu pansi.

"Abambo inu, taimirirani. Tatembenukani." Anaomba m'manja kamodzi. "Abale anga, ine sukulu sindinapite patali, koma maso ndili nawo. Mlongo wanga wafa ngati chikuni. Mkazi wake wasoka malaya a munthu wonenepa. Munthu wonenepayo ndi uyu, wabwera yekha mpaka m'nyumba. Telala sasoka thupi limene sanaligwire."

"Alamu, munthuyu ndamuona koyamba dzana," anatero amayi.

"Ndiye munalota miyeso yake?"

A Buledi anatukula manja. "Amayi, pepani, ndifotokoze. Malemu ndi amene anandiuza kuti ndipimidwe m'malo mwawo. Sankafuna kuti akunyumba adziwe kuti akudwala. Mwanayu ndi amene anandipima."

"Wakufa sayankha, n'chifukwa chake mukumunamizira," anatero azakhali. "Koma mwana alipo. Iwe, tabwera kuno. Usaope. Kunja kuja unapima ndani?"

Anthu khumi ndi asanu anatembenukira kwa ine. Ndinadziwa kuti ndikangonena kuti a Buledi akunena zoona, funso lina libwera: ndiye unkadziwa kuti bambo ako akufa? Ndipo kuseri kwa funso limenelo kunali linanso, limene ndinkaliopa kuposa imfa.

"Ndinapima abambo," ndinatero.

"Kweza mawu!"

"Ndinapima abambo anga."

"Ndiye alamu anataya miyeso ya mwamuna wawo n'kusoka ya m'mutu mwawo. Mwamva nokha."

Amayi anandiyang'ana. Sanali maso a mkwiyo. Anali maso aja amayang'ana nawo nsalu akapeza kuti ili ndi chibowo pakati. Kapepala kanga kanali m'kope mwawo, akanatha kukatulutsa n'kundivula pamaso pa onse. Sanatero.

A Buledi anamasula mabatani limodzilimodzi, anapinda malayawo, anawaika pampando, n'kutuluka atavala vesiti yokha.

7

Ndinawapeza a Buledi pageti akumanga chikwama.

"Mwana wanga, ine ndikupita, mawu a anthu sandipeza kumene ndikupitako," anatero. "Iwe ndi amene utsale nazo. Koma ndikuuze chimodzi. Lachisanu lililonse bambo ako ankandituma ku depoti kukachingamira basi ya kuno. Masabata asanu ndi limodzi. Ndinkawauza kuti, achimwene, imbani nokha foni. Iwo ankati, ayi, ndikaimba ine adziwa kuti mwana anabisa. Singano ndi wamanyazi koma anena, timupatse nthawi."

Anandisisita pamutu n'kumapita.

Tsopano ndikuuzeni za pa depoti paja. Basi itayamba kulira, abambo anandigwira dzanja n'kunena kuti: "Kapepala koyera kaja ukang'ambe. Ukawapatse amako tikiti ija. Ndinalakwitsa, sindichira. Ukawauze kuti abwere, ndikufuna ndiwaone. Ine pafoni mawu amenewa akundikanika, ndayesa. Ukanene ndiwe."

Ndinavomera ndi mutu.

Mundifunsa chifukwa chake sindinanene. Ndadzifunsa tsiku lililonse. Poyamba ndinati ndidikire anthu achoke pakhonde. Kenako ndinati ndidikire amalize mayunifomu. Kenako ankaimba posoka, ndipo ndinali ndisanawamvepo akuimba chichokereni abambo. Panalinso kupusa kwa chibwana: ndinkaganiza kuti malaya aakuluwo akatha, mwina Mulungu achita manyazi n'kuwakulitsa abambo kuti awakwane. Ndipo pansi pa zonsezi, ndivomere, panali kamkwiyo. Munthu wamkulu, amene anandisiya ndili mwana, anandisenzetsa mawu amene iye mwini anawalephera. Tsiku lililonse limene ndinachedwa linkachititsa lotsatira kukhala lolemera kwambiri.

Mbiri inayenda msika wonse. Akazi anasiya kutumiza amuna awo kwa amayi. Ena ankawapima okha kunyumba ndi chingwe, n'kubweretsa chingwecho chili ndi mfundo zisanu. Amayi ankalandira chingwe, kuchiyala patepi, n'kusoka osanena kanthu. Kutchalitchi benchi lawo linayamba kukhala ndi malo ambiri. Abale a abambo sanapondenso pakhomo pathu.

Ine amayi sanandifunse kalikonse. Zotsatira za mayeso zitatuluka kuti ndakhoza bwino, anandisokera diresi. Pondipima ananena kuti, "Waonda," basi.

Mwezi watha ndinkawathandiza kusokerera mabatani kuseri kwa makina, ndipo ndinawamva akuyankhula ndi mayi wa mabatani. Ankayesa kuti ndapita kukagula ulusi.

"Za malaya zija sizindipweteka, anzanga. Ndinadziwa tsiku lomwelo kuti mwana anatumidwa ndi bambo wake, ndipo anachita mantha ndi anthu. Ndi mwana, ndingamupereke kwa afisi? Chimene chimandidya ndi china. Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndili naye munthu uja. Wadwala chaka chathunthu, wagona pabedi akudziwa kuti akupita. Anaitana mwana, anaitana mnzake wa kubekale. Ine sanandifune. Ngakhale tsiku limodzi lokha, kuti ndimupukute thukuta. Ndimakhala pamakina pano n'kumafufuza kuti ndinamulakwira pati."

Singano inandibaya chala, koma sindinamve.

8

Inu amene mukuwerenga, makamaka anzanga achete amene mumatamandidwa kuti ndinu ana aulemu: musanyengedwe. Ine ndinkaganiza kuti kukhala chete si tchimo, chifukwa wosayankhula salakwira munthu. Koma sindinatukwane aliyense, sindinabe, sindinamenye, ndipo taonani: bambo anga anafa akudikira basi, amayi anga anataya dzina, ndipo munthu amene anatichitira chifundo anachoka pakhomo pathu ndi vesiti. Mawu amene mwatumidwa si anu. Ali ndi mwini wake, ndipo ali ndi tsiku lake. Likadutsa, mumakhala mwawaba. Sindikupempha kuti mundimvere chisoni. Ngati muli ndi uthenga wa munthu m'thumba, ikani magaziniyi pansi, mukapereke.

Ndinalekeza pamenepa dzulo, ndipo ndinkafuna kutumiza nkhaniyi chomwecho. Koma nditaiwerenganso ndinachita manyazi. Ndingauze bwanji anthu osawadziwa zimene mwini wake sanamve?

Lero ndi pa 24 Disembala. Masana kasitomala womaliza anatenga diresi lake, bambo wa mawotchi anatseka kabokosi kake n'kutifunira Khirisimasi yabwino. Pakhonde tinatsala awiri. Amayi ankathira mafuta m'makina, monga amachitira akamawapumitsa. Kope lawo linali patebulo, lotsegula patsamba loyamba.

Ndinatulutsa tikiti ija. Yakhala chaka chonse m'kati mwa satifiketi yanga, ndipo yayamba kufufuma m'mapindiro. Ndinaiika pamwamba pa kopelo.

Amayi anapukuta manja, anaitembenuza, n'kuwerenga. Khosi 13. Mapewa 16. Chifuwa 31. Chala chawo chinaima pamenepo.

"Awa ndiye ake," anatero motsitsa. "Ndinadziwa, Singano. Usadzivutitse, ndinakukhululukira kalekale. Unangomvera bambo ako."

Akanakhala kuti anandikalipira, mwina ndikanathawanso. Ndinagwada pasimenti, pakati pa tizidutswa ta nsalu, n'kugwira mwendo wa makina.

"Ayi, amayi. Sindinawamvere."

Anandiyang'ana.

Ndinakweza mawu, koyamba m'moyo wanga, moti mlonda wa sitolo ya zitsulo anatembenuka.

"Abambo anakufunani. Anandituma kuti mubwere, anati akufuna akuoneni. Anakudikirani Lachisanu lililonse mpaka anamwalira. Ndine amene sindinanene."